Nambala Yanamwali

Ku Chibavi anthu amaukumbukirabe ukwati wa Blackson Longwe ndi Annie Mhone, makamaka chifukwa mkwati analankhula nthawi yaitali kuposa abusa. Atangoigwira maikolofoni anakana kuibweza. Anauza anthu odzaza holo kuti iye, monga katswiri wa zamafoni, wayesa manetiweki onse a mu Mzuzu ndipo wapeza imodzi yokha yosadukaduka, ndiye Annie. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, azimayi ochokera ku Nkhata Bay analuluta, Annie n'kubisa nkhope m'maluwa. Anali wosangalala mwana wamkaziyo, ndipo aliyense womuona ankamufunira zabwino.

Zaka ziwiri zoyambirira zinayendadi bwino, tisaname. Annie anali ndi benchi ya zitenje mumsika wa Taifa. Katundu watsopano akafika kuchokera ku Tanzania ankamujambula n'kumuika pa WhatsApp, makasitomala n'kumasankha ali kunyumba kwawo. Blackson ankakhala pansi pa ambulera ya kampani ina ya mafoni pafupi ndi depoti, kugulitsa masimukhadi ndi mayunitsi. Masana ankatseka katebulo kake n'kupita kukadya ndi mkazi wake, tchipisi mbale imodzi, foloko imodzi. Amayi a mumsika ankamuyamikira Annie m'chinenero chakwawo kuti wapezadi mwamuna, ankati, "Nyamhone, iwe wasanga mwanalume nadi!"

Koma mwamunayo anali ndi nthenda yodzimva. Ntchito yake yonse inali kujambula chiphaso cha unzika ndi nkhope ya kasitomala n'kudina batani, koma kumowa ankadzitchula kuti injiniya. Tisheti ya kampani ankaisita ngati suti, kumaliro komwe ankapita ataivala. Kampaniyo sinkamudziwa ndi dzina lomwe, koma iye ankaiikira kumbuyo ngati ndi ya malume ake. Anthu akadandaula kuti bandulo yatha asanaigwiritse ntchito, kapena kuti magetsi akangothima netiweki nayo imagona, iye ankati vuto ndi timafoni tawo totchipa. Pamwamba pa mutu wake panali chikwangwani cholonjeza intaneti yothamanga ngati mphezi, ndipo pansi pa chikwangwanicho anthu ankaimika mafoni m'mwamba kufunafuna kamzere kamodzi.

Mfuu yake inkadziwika depoti yonse. "Nambala zanamwali! Sizinaimbepo, sizinaimbiridwepo! Bwerani mudzayambe ndinu!"

Linali bodza lamkunkhuniza. Pa maphunziro a tsiku limodzi amene kampani inachititsa ogulitsa ake, anawauza mosapsatira kuti nambala ikakhala miyezi isanu ndi umodzi osagwira ntchito amaifufuta dzina n'kuigulitsanso. Blackson anamva, mpaka analemba m'kabuku. Koma ndani angaime kugula utamuuza kuti ndi kaunjika? Ndiye analikuwa bodzalo m'mawa ndi masana, chaka ndi chaka, mpaka makutu ake omwe analikhulupirira.

M'chaka chachitatu anasamukira ku Mchengautuwa, m'nyumba yabwino koma yokhala kunsi kwa chigwa. Kumeneko netiweki ya Annie, yomwe inali ya kampani ina, inkafika pokhapokha akakwera pachulu cha kuseri kwa bafa. Makasitomala anayamba kudandaula kuti sayankha. Blackson anaona mwayi wodzionetsa. Anabwera ndi simukhadi ya kampani yake atayikulunga m'pepala la mphatso, nambala yake yothera ndi maseveni anayi.

"Iyi ndakusungira iwe," anatero. "Anthu aipempha, ndawakaniza. Yanamwali yeniyeni, ngati mmene ndinakupezera iwe."

"Yewo chomene, adada," Annie anatero akuseka, namupsompsona patsaya.

Lamulungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, Annie ankatsuka mbale panja, foni ataisiya pampando. Inalira kamodzi. Blackson, amene sankaona cholakwika kutsegula foni ya mkazi wake ngakhale yake inali ndi loko wa zala, anawerenga uthengawo:

"Wakutemweka wane, lero aimba nyimbo yako ija. Ine ndalephera kuimba. Nakusowa chomene."

Anatuluka foni ili m'manja.

"Iwe Annie, ndani ameneyu akukutcha wokondedwa wake?"

Annie anapukuta manja pachitenje, nawerenga. "Kaya. Walakwitsa nambala ameneyo."

"Walakwitsa? Nambala ya sabata imodzi, wailakwitsa bwanji? Nyimbo yako ndi iti?"

"A Longwe, nambalayi mwandipatsa ndinu. Ine ndaipereka kwa makasitomala basi."

"Makasitomala! Ndiye dzina lawo latsopano limenelo?"

Apa mpamene munthu wanzeru, wogulitsa manambala tsiku ndi tsiku, akanadzimenya pachipumi n'kuseka. Yankho linali m'kabuku kake komwe, m'dirowa ya katebulo. Koma nsanje ndi yaulesi, simafuna kufufuza, imangofuna kudyetsedwa. Blackson anaidyetsa sabata yonse. Ankadya osalankhula, ankanunkhiza zitenje za mkazi wake, ankamufunsa chifukwa chimene wadzolera mafuta Lachitatu.

Lamulungu linalo uthenga unabweranso, nthawi yomweyo. "Wakutemweka wane, mapeyala ako abereka chaka chino. Ndikakhala pansi pake ndimaona ngati utulukira." Blackson anamenyetsa mbale kukhoma.

Lolemba Annie anaimba nambala imene inkatumiza mauthengawo ali kumsika, ndipo madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anamukhazika pansi mwamuna wake.

"Ndawaimbira anthu aja. Mundimvere mpaka ndimalize. Ndi bambo wachikulire, a Herbert Mkandawire, mphunzitsi wa pulaimale ku Chibanja. Nambala munandipatsayi inali ya akazi awo, a Glory. Anamwalira chaka chatha. Foni yawo inasowa pamaliro pomwepo. Bambowa akhala akulembera nambalayi Lamulungu lililonse, poganiza kuti uthenga ukungopita m'malere. Nditalankhula, analira ngati mwana, a Longwe. Apepesa chomene."

Blackson anaseka chiseko chonyansa. "Mzukwa! Tsopano ndikulimbirana mkazi ndi mwamuna wa mzukwa. Mwaipeka bwino nkhaniyi, inu awiri. Ndani anayambitsa, iwe kapena tichayo?"

"Si inu mumadziwa zamafoni? Kodi nambala sizigulitsidwa kawiri?"

"Za ena, osati zanga! Ine ndingapatse mkazi wanga kaunjika? Ine? Ukundinyoza pantchito yanga?"

"Pitani kuofesi mukafunse. Mawa lomweli tipitire limodzi."

"Ndikafunse anyamata amene ndinawaphunzitsa ndine? Kuti azikandiseka?"

Palibe mnyamata amene iye anamuphunzitsa kanthu, koma Annie analibe mphamvu yotsutsa zimenezo.

"Akupempha chinthu chimodzi," anapitiriza mofatsa. "Akufuna nambalayi ibwerere kwa iwo. Anapitako kuofesi akazi awo atangomwalira, koma anawauza kuti mwini wake abwere yekha ndi chiphaso. Munthu ali kumanda abwere yekha! Ine ndikhoza kuwapatsa, inu n'kundipezera ina. Mauthenga atha, mtendere ubwerera."

"Mphatso yanga uipereke kwa chibwenzi chako? Ukadzangoyerekeza, Nyamhone, udzandidziwa."

Taonani kupusa kwake. Njira yothetsera mauthenga anaikana, mauthengawo n'kumadana nawo. Kuvomera kuti mkazi wake akunena zoona kukanatanthauza kuvomera kuti injiniya wa padepoti ndi wabodza, ndipo pakati pa ulemu wa mkazi wake ndi ulemu wa mfuu yake, Blackson anasankha mfuu.

Annie anali ndi mtima wachifundo, komanso anali atatopa. Anaganiza zongothana nayo nkhaniyo mwakachetechete: akasainire nambalayo kwa a Mkandawire, kenako adzanene kuti simukhadi yawonongeka. Inali ntchito ya mphindi khumi, malinga ndi chikalata chomatidwa pakhomo la ofesi ya kampaniyo. Anakumana ndi bamboyo Lachiwiri m'mawa, munthu wowonda wa imvi m'mbali, magalasi omangidwa ndi ulusi. Anaima pamzere maola atatu. Atafika pawindo, mtsikana wa mkati, osadzutsa ndi mutu womwe, anati, "System ili down. Mubwere Lachinayi."

Lachinayi anawauza kuti fomu yosinthira umwini yatha, ndipo wosindikiza mafomu wapita ku semina kunyanja. Kampani yogulitsa intaneti inkafuna pepala, ndipo pepalalo linalibe. Anawauza kuti abwere Lolemba.

Mzuzu ndi mzinda pa dzina, koma maso ake ndi a pamudzi. Panali Zebedee, wopalasa sakaramento, njinga zonyamula anthu zija, amene siteji yake inali moyang'anizana ndi ofesiyo. Miyendo yake inkapalasa pang'ono kuyerekeza ndi lilime. Loweruka anakocheza njinga pa ambulera ya Blackson.

"A injiniya, monire. Koma alamu akuikonda kampani yanu masiku ano."

"Ukutanthauza vichi?"

"Yayi, ine palibe. Kungoti Lachiwiri ndawaona kuofesi kwanu, Lachinayi ndawaonanso. Ndi mdala wina wa magalasi. Amaima limodzi, kuseka limodzi, mpaka mdalayo anawagulira nthochi. Ine ndimati ndi asibweni awo."

"Alibe asibweni mu Mzuzu."

"Ooh." Zebedee anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga chikwangwani. "Basi mwina ndaona molakwika. Koma ndinamva akuti Lolemba teni koloko. Musati ndanena ine, bigi."

Ananyamuka akuimba belu, mtima uli mbee, ngati wagwira ntchito ya Mulungu. Anthu otere sasowa. Saba, samenya, sapha, amangonyamula kamoto pa supuni n'kukakasiya pakhomo la mnzawo, ndipo tsiku la maliro amakhala kutsogolo kunyamula bokosi.

Blackson sanamufunse kanthu Annie. Lamulungu anapita kutchalitchi, anaimba nawo, analandira ndi mgonero womwe. Uthenga sunabwere tsiku limenelo, pakuti a Mkandawire anali atalonjeza kusiya. Koma kwa Blackson kusabwera kwa uthengawo kunali umboni woposa uthenga: ndiye kuti tsopano akulankhulana pamaso. Munthu akafika pamenepo, ngakhale mngelo atatsika ndi chidindo, amamufunsa kuti wakutuma ndani.

Lolemba kunacha ndi kamvula kowaza ka mwezi wa Juni, kozizira mpaka m'mafupa. Itakwana hafu pasiti naini, Blackson anapinda ambulera yake, nasolola chitsulo chake chapansi, paipi yaitali ngati mkono. Anauza woyandikana naye kuti akukaiwotcheretsa. Anakaima kuseri kwa kontena ina pafupi ndi ofesi, madzi akumutsikira m'khosi, ndipo anadikira maola awiri osatopa, iye amene sankatha kudikira mkazi wake kuti amalize chiganizo.

Annie ndi a Mkandawire anatuluka cha m'ma thwelofu. Fomu inali itapezeka tsiku limenelo, koma magetsi anathima ali pawindo, jenereta inalibe mafuta, ndiye anawauza kuti ayesenso Lachitatu. A Mkandawire anaima pakhonde, navula magalasi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Amama, ndakuvutitsani mokwanira," anatero. "Isiyeni. Mwina Chiuta akundiuza kuti ndimusiye apume."

"Yayi, adada, tafika kale patali. Lachitatu tibweranso." Annie anatulutsa kampango m'chikwama, nawapatsa, nawagwira paphewa monga mmene munthu amagwirira namfedwa.

Dzanja limenelo ndi lomwe Blackson anaona. Sanaone imvi, sanaone misozi, sanaone fomu yonyowa imene bamboyo anaigwira. Anawoloka msewu osayang'ana galimoto.

"Ndiwe tichayo? Wakutemweka wako ndi ameneyu?"

A Mkandawire anatembenuka, maso akuphethira popanda magalasi. "Ndimwe a Longwe? Yewo, adada, ndimafuna ndikuthokozeni..."

Anatambasula dzanja kuti apereke moni. Paipi inawapeza pamwamba pa khutu. Anagwa chagada pamasitepe, ndipo Blackson anamenyanso kawiri, Annie akukuwa atamugwira m'chiuno. Anthu a pamzere, amene anaima maola atatu osadandaula, anabalalika ngati nkhuku. Ena anabwerera, osati kudzathandiza, koma kudzajambula. Woyamba kuganiza zoimbira galimoto yachipatala anapeza foni yake ikuti netiweki palibe, ali pakhomo penipeni pa eni netiweki. A Mkandawire anawanyamula pa lole ya matabwa, ndipo anatsirizika asanafike kuchipatala.

Mlandu unatenga zaka ziwiri kuti ulowe m'khoti lalikulu. Blackson anafika atawonda, koma kudzimva kunali kusanamuthere. Anauza woweruza kuti anachita zimene mwamuna aliyense akanachita atapeza mkazi wake m'manja mwa chibwenzi.

Boma linaitana mkulu wina wa kampaniyo, wa suti yonyezimira, amene anayamba ndi kutsimikizira khoti kuti kampani yawo imaika makasitomala patsogolo. Woweruza anamuuza kuti ayankhe zimene wafunsidwa. Anawerenga papepala: nambala yothera ndi maseveni anayi inali ya Glory Mkandawire kwa zaka zisanu ndi zinayi. Itakhala chete miyezi isanu ndi umodzi, inabwezedwa pamsika. Amene anailembetsa m'dzina la Annie Mhone anali wogulitsa wawo, ndipo anachita kuyang'ananso papepala kuti apeze dzina lake: Blackson Longwe.

"Nambala zokongola chonchi zinatha kalekale, bwana," anawonjezera. "Iliyonse yotere imene mungaione lero inali ndi mwini wake. Wogulitsa aliyense amadziwa."

Loya wa boma, mayi wamfupi wa mawu ozizira, anatembenukira kwa Blackson.

"Bambo Longwe, munkadziwa kuti kampani imagulitsanso manambala akale?"

Blackson anayang'ana pansi.

"Khoti likudikira."

"Ndinkadziwa."

"Pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi sikisi." Linatuluka lokha yankholo, msangamsanga, ngati la mwana wanzeru m'kalasi.

"Mkazi wanu anakuuzani kuti nambalayo inali ya malemu Glory Mkandawire?"

"Anandiuza."

"Anakupemphani kuti mupite limodzi kuofesi mukafunse?"

"Anandipempha."

"Kuchokera pa ambulera yanu kufika kuofesiko ndi mtunda wautali bwanji?"

"Mphindi zisanu."

"Pa ulendo wokafunsa munalibe mphindi zisanu. Pa ulendo wokapha munapeza maola awiri. Ndilibenso funso, bwana."

Kenako anawerenga mauthenga a m'foni ya malemu Herbert Mkandawire, onse makumi asanu ndi limodzi, Lamulungu ndi Lamulungu. Munalibe dzina la Annie ngakhale pamodzi. Munali mapeyala, nyimbo za kwaya, denga lodontha, ndi mwana wawo Wiza amene anakhoza mayeso a Fomu 4 mayi ake osaona. Wiza yemweyo anali atakhala pabenchi lachiwiri, tsopano wopanda mayi ndi bambo, ndipo sanalire. Anangomuyang'ana Blackson mpaka Blackson anabisa nkhope. Uthenga womaliza unali wosatumizidwa, wolembedwa m'mawa wa tsiku la imfa: "Glory, lero mwina nambala yako ibwerera kunyumba. Mayi amene ali nayo ndi munthu wa Chiuta. Mwamuna wake ndi wamwayi, ndikufuna ndikamuone ndimuuze."

Woweruza anati pa zaka zake zonse sanaonepo munthu wophedwa chifukwa cha chinthu chimene womuphayo ankachidziwa bwino kuposa wina aliyense m'khotimo. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, namulamula kukakhala kundende zaka makumi atatu. Annie anatuluka osatembenuka. Benchi ya ku Taifa anali ataigulitsa kale, ndipo anthu amati anabwerera kwawo ku Nkhata Bay. Zebedee akupalasabe, ndipo amauza aliyense womukwera kuti iye anaziona zikubwera.

Musamumvere chisoni Blackson. Sanapusitsidwe ndi mkazi, sanapusitsidwe ndi mphunzitsi, ngakhale kampani yomwe, ndi ulesi wake wonse, iyeyo sinamunamize. Anadzinamiza yekha, mokuwa, padepoti, kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limene choonadi chinamupempha mphindi zisanu anachiona chodula kuposa moyo wa munthu. Nsanje yake sinali chikondi chopyola muyeso monga amanenera anzake akumowa. Kunali kudzikonda kwa munthu wamng'ono amene ankafuna kuti chilichonse chimene wagwira chikhale choti sichinakhudzidwepo ndi wina.

Atatha chaka m'ndende, mkulu woona za umoyo wa akaidi anamulola kuimba foni kamodzi. Blackson anali ataloweza mawu opepesa kwa miyezi yambiri. Nambala imene ankaidziwa pamtima inali imodzi yokha. Sanaganize n'komwe kuti foni ya Annie inakhala zaka m'kabati ya umboni, yozima. Anadina manambalawo, maseveni anayi kumapeto, ndipo foni inayamba kuitana.

"Halo?" Anali mawu a mtsikana, ansangala, achilendo.

"Annie? Nyamhone, ndine..."

"Pepani, adada, kuno kulibe Annie. Nambalayi ndi yanga, amuna anga andigulira mwezi watha. Yatsopano."

Blackson anakanikiza foni kukhutu. Ndipo chapatali, kuseri kwa mtsikanayo, anamva mpando ukukhwekhwereza pansi, kenako mawu a mwamuna, olemera, osaseka:

"Ndani ameneyo akukuimbira?"

"Amama, tamverani," Blackson anakuwa, "apatseni foniyo amuna anuwo, ndiwafotokozere! Nambalayo si yatsopano, inali ya..."

Foni inaduka. Anayang'ana pagalasi: timizere tonse tinali titazimirira. Mkulu uja anatambasula dzanja, nati nthawi yake yatha.